Luso Losiya Mpata

Ufa wake ndi woyera, wopepuka, wopanda fungo. Mutaupeza m'kabotolo pashelefu ya labotale mungaganize kuti wina waiwalapo soda wa therere. Ngakhale kaphikidwe kake, mukakawerenga papepala, sikachititsa mantha. Amatenga mchere wa chitsulo chotchedwa zirconium, n'kutenganso asidi wa terephthalic, yemwe uja amapangira mabotolo apulasitiki a madzi ndi zakumwa, n'kuzisungunula zonse m'madzi amankhwala otchedwa DMF. Botolo amalitseka, amaliika mu uvuni pa madigiri 120, basi n'kupita kukagona. Likakwana tsiku lathunthu amapeza ufa utadikha pansi.

Dzina lake ndi UiO-66. Zilembo zoyambazo zikuimira yunivesite ya Oslo ku Norway, kumene Karl Petter Lillerud, Jasmina Hafizovic Cavka ndi anzawo anaulengeza mu 2008. Ndakhala ndikuwerenga za ufa umenewu ndi abale ake, ndipo pepala lililonse ndikamalitsiriza ndimakhala ngati ndachokera pakhonde la mmisiri, pamene ndakhala tsiku lonse ndikuonerera manja ake.

Kanjere kalikonse ka ufawo ndi chimango. Maatomu 6 a zirconium amamangana ndi maatomu 8 a okosijeni n'kupanga mfundo imodzi. Pa mfundo iliyonse pamatuluka tindodo 12, ndipo kandodo kalikonse ndi molekyu ya asidi uja, yokhala ndi dzanja uku ndi uku. Dzanja lina ligwira mfundo ino, linalo ligwira mfundo yakutsogolo, yakutsogoloyo nayo itulutsa tindodo take 12, mpaka chimango chafalikira mbali zonse, chofanana paliponse, maulendo mamiliyoni osawerengeka. Pakati pa tindodoto palibe kanthu. Pali tizipinda totakata pafupifupi nanomita imodzi, ndipo nanomita ndi milimita yogawidwa kamiliyoni. Mutati muyale pansi malo onse a m'kati amene molekyu ya mpweya ingatsamirepo mu galamu imodzi yokha ya ufawu, angaphimbe masikweya mita opitirira 1,000, kotala ya ekala. Woluka nkhokwe amadziwa kuti nsungwi amazipinda ndi kuziluka n'cholinga choti pakati pakhale pokhala chimanga. Anthu awa nawonso amamanga kuti apeze malo opanda kanthu. Zimango zotere amazitcha metal-organic framework, mwachidule MOF, chifukwa mfundo zake ndi zachitsulo pamene tindodo take ndi mamolekyu a kaboni.

Nanga tizipindato n'ta chiyani? Ena amasungiramo mpweya, ena amasefera. Amene andikoka mtima ine ndi aja amafuna kuti m'tizipindamo muzichitika ntchito ya katalisiti.

Katalisiti ndi nkhoswe wa mamolekyu. Pali zinthu ziwiri zoti zikhoza kugwirizana, koma zitasiyidwa zokha zingatenge zaka zikungoyang'anana. Nkhoswe amabwera, amagwira uyu dzanja, amagwira uyo, amawakhazika pamphasa imodzi, nkhani imatheka. Ikatheka iye amanyamuka ali mmene analili, mawa lake n'kukamanga ukwati wina. Mayi wophika thobwa amamudziwa nkhoswe ameneyu ngakhale sanamuonepo: phala lolimba lija likathiridwa chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa m'mawere omera muli maenzaimu amene amadula wowuma wa ufa kukhala shuga, enzaimu imodzi n'kudula kambirimbiri osatha. Dzina la ntchito imeneyi analipereka ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1835. Thumba la urea limene mlimi amalikankha panjinga mwezi wa Disembala nalonso linadutsa m'manja mwa nkhoswe. Nayitirojeni ndi 78 peresenti ya mpweya umene timapuma, koma maatomu ake amayenda awiriawiri atakumbatirana zolimba moti chimanga sichingawalekanitse. Chitsulo ndiye chimawalekanitsa n'kuwakwatitsa kwa hayidirojeni. Alwin Mittasch wa kampani ya BASF anayesa zosakaniza masauzande kuti apeze chitsulo choyenera, fakitale yoyamba ya ku Oppau ku Germany isanatsegulidwe mu 1913.

Unkhoswe uli ndi lamulo lake, limene limatchedwa ndi dzina la Paul Sabatier wa ku Toulouse. Wogwira mofooka, molekyu imam'pulumuka nkhani isanathe. Wogwira mokakamira, ntchito ikatha satayanso, ndipo dzanja lake latsekeka mpaka kalekale. Luso lonse la katalisiti lili pa kagwiridwe kapakatikati kameneko.

Vuto la kale linali lakuti makatalisiti analipo a mitundu iwiri, ndipo uliwonse unali ndi chilema chake. Osungunuka m'madzi amagwira ntchito mwaukhondo, ndipo katswiri amadziwa atomu iliyonse pamene ili, koma kuwachotsamo ntchito ikatha kuli ngati kufuna kubweza mchere umene wathiridwa kale m'ndiwo. Olimba ngati miyala amasefeka mosavuta, koma pamwamba pake ndi pokumbikakumbika, ndipo nthawi zambiri palibe amene angaloze kuti ntchito ikuchitikira pa atomu iyi. Miyala ya zeolite, imene yakhala ikuswa mafuta olemera kukhala petulo kuyambira m'ma 1960, inayandikira kuthetsa vutoli chifukwa ili ndi timabowo tofanana. Koma timabowo take n'tating'ono, ndipo zomangira zake ndi zomwezomwezo: silicon, aluminiyamu ndi okosijeni. Wofuna chipinda chokulirapo pang'ono, kapena chokhala ndi dzanja lina pakona, analibe poyambira.

Poyambira panapezeka pa timipira tamatabwa. Mu 1974 Richard Robson, mphunzitsi pa yunivesite ya Melbourne ku Australia, ankakonza timipira toimira maatomu toti ophunzira azilumikiza ndi tindodo. Anayenera kulembera amisiri a matabwa pamene ayenera kuboola pa kampira kalikonse. Timipira titabwera anaona kuti akangolowetsa tindodo m'mabowo, chinthu chonse chimadzipatsa chokha maonekedwe oyenera. Nzeru yonse ya chimango inali kale m'malo a mabowowo. Ganizo limenelo analisunga zaka zoposa khumi. Mu 1989, pamodzi ndi Bernard Hoskins, anasakaniza mkuwa ndi molekyu ya manja anayi, ndipo zinadzimanga zokha kukhala makrustalo olukidwa ngati dayamondi koma okhala ndi mphako zazikulu. Mu 1994 Makoto Fujita wa ku Chiba ku Japan anaonetsa kuti ukonde wa cadmium womangidwa mwa njira yomweyi ukhoza kugwira ntchito ya katalisiti. Mu 1997 Susumu Kitagawa anapanga zimango zimene mpweya unkalowa n'kutulukamo osazigwetsa. Kenaka mu 1999 Omar Yaghi, Hailian Li, Mohamed Eddaoudi ndi Michael O'Keeffe analengeza MOF-5, ya zinki ndi asidi yemwe uja wa mabotolo, imene inaima chilili itakhuthulidwa zonse za m'kati n'kutenthetsedwa mpaka madigiri 300.

Mawu oti kukhuthula ndayenera kuwachedwera, chifukwa mmisiri weniweni amadziwikira pamenepa. Makrustalo akamakula, tizipinda tonse timakhala todzaza ndi madzi aja anaphikira, ndipo madziwo ndiwo amachirikiza chimango. Chipinda chodzaza chilibe ntchito. Mlendo alowa pati? Koma ukangoti uumitse mwaliwiro, madzi akamachoka m'kabowo kopapatiza chotero amakoka mbali zonse kuti zikumane, monga mmene matope a padambo amadzikokera n'kung'ambikira mwezi wa Okutobala. Chimango chimafwaphuka, ndipo pagalasi lokuzira zinthu kakrustalo kamene dzulo kanali kowala kamaoneka kotuwa ngati choko. Woumba mbiya sayanika mbiya yaiwisi padzuwa. Amaiika pamthunzi, amaitembenuza, amadikira masiku. M'labotale namonso ndi chimodzimodzi. DMF ndi wokakamira, amawira pa madigiri 153, ndiye amayamba amunyengerera kuti atuluke: amaviika makrustalo mu acetone kapena ethanol, mawa amataya n'kuthira watsopano, mkuja chimodzimodzi, mpaka m'tizipinda mwatsala madzi opepuka okhaokha. Akatero m'pamene amakoka mpweya ndi pampu, akutenthetsa pang'onopang'ono.

Pa zimango zofewa kwambiri ngakhale zimenezo sizikwanira. Mu 2009 gulu la Joseph Hupp ndi Omar Farha pa yunivesite ya Northwestern, kufupi ndi Chicago, linabwereka njira imene ine ndimaiona kuti ndi yokongola kuposa zonse. Amadzaza tizipinda ndi carbon dioxide wamadzimadzi m'chitsulo chotseka, n'kumutenthetsa kupitirira madigiri 31 atapanikizidwa kuposa maulendo 73 a mpweya wa panja. Akafika pamenepo carbon dioxide salinso madzi, salinso mpweya. Malire a pakati pa ziwirizi amafafanizika, ndipo malire amenewo ndiwo aja amakoka makoma. Ndiye amatsegula kabowo pang'ono, kwa maola, iye n'kumatuluka mwakachetechete ngati mlendo wonyamuka m'bandakucha osadzutsa mwana. Ndi njira imeneyi anakhuthula chimango chawo chotchedwa NU-110 mu 2012, n'kupeza masikweya mita 7,140 mu galamu imodzi, kupitirira ekala imodzi ndi theka. Muyesowo amaupeza poziziritsa ufa mpaka madigiri 196 pansi pa ziro, n'kumalowetsa nayitirojeni pang'onopang'ono, akuwerenga kuchuluka kwa amene wakakamira m'kati. Chiwerengero chikatsika kuposa chimene chimango chikulonjeza, palibe kutsutsa: mwina simunatsuke mokwanira, mwina mwagwetsa nyumba.

Chipinda chopanda kanthu pachokha si nkhoswe. Pamafunika dzanja lachitsulo lotambasuka, lopanda chogwira. Dzanja limeneli limaoneka ndi maso pa MOF ina ya 1999, HKUST-1, imene Ian Williams ndi anzake anapanga ku Hong Kong. Mfundo zake ndi maatomu awiriawiri a mkuwa, ndipo atomu iliyonse imagwira molekyu imodzi ya madzi yoloza m'kati mwa chipinda. Ufa wake ndi wobiriwira ngati thambo. Ukautenthetsa madziwo n'kuchoka, umasanduka wofiirira mwakuda, papo weniweni, kusonyeza kuti mkuwa watsala ndi dzanja lopanda kanthu. Ukatsegula botolo, ufawo umayamba kubwerera mtundu wa thambo uli kuonerera, chifukwa wagwira kale chinyezi cha m'chipinda mmene waimamo. Ndikuganiza kuti aliyense amene anaonapo zimenezi sangaiwale tanthauzo la malo otseguka pa chitsulo.

Koma ludzu lomwelo ndi limene linkapha zimango zoyambazo. MOF-5 imawonongeka ikangokhala pa mpweya wachinyezi. HKUST-1 ikakhalitsa m'madzi imagumuka. Katalisiti wotani woopa madzi? Apa m'pamene ufa wa ku Oslo unasinthira zinthu. Zirconium amagwira okosijeni ngati nkhanu, ndipo mfundo yomangidwa ndi tindodo 12 siigwedezeka wamba. UiO-66 imapirira madzi, imapirira asidi, imapirira kutentha kofika madigiri cha m'ma 500. Inali nyumba ya njerwa zootcha pakati pa zisakasa.

Inalinso ndi vuto limene kulimba kwake komweko kunabweretsa. Pa pulani ya papepala, manja onse a zirconium ndi otanganidwa kugwira tindodo. Nkhoswe wasenza katundu manja onse awiri. Apereka bwanji moni?

Komabe ufawo unkagwira ntchito pang'ono, ndipo wa labotale ina unkaposa wa labotale inzake ngakhale kaphikidwe kanali kofanana. Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa anthu awa, chifukwa kusiyana kotere wina akanangokutcha tsoka la tsikulo. Iwo anatenga sikelo. Ukawotcha UiO-66 pa mpweya, tindodo tonse timapsa, n'kutsala phulusa la zirconium lokha. Ukadziwa kulemera kwa poyamba ndi kwa phulusa, wadziwa kuchuluka kwa tindodo timene tinalimo. Mu 2011 akatswiri a ku Torino ndi a ku Oslo anaona kuti masamuwo sakukwana: tindodo tinali tochepa kuposa 12 pa mfundo. Mu 2013 Hui Wu, Wei Zhou ndi anzawo ku NIST, ku Maryland, anawomba ufawo ndi ma neutron, amene amaona bwino maatomu opepuka, n'kutsimikiza kuti pafupifupi kandodo kamodzi pa 12 kalibepo. Chimango chinali cholimba moti chinkaima bwinobwino phaso lina litasowa. Ndipo pamene pasowa kandodo, maatomu a zirconium a mbali zonse ziwiri amatsala ndi manja ogwira madzi okha, madzi oti akhoza kuchoka mlendo akafika. Ntchito inkachitikira pa chilemacho.

Atadziwa zimenezi, funso linasanduka lakuti: chilema tingachiike dala, pamlingo umene tikufuna? Chida chake chinali kale m'manja mwawo. Mu 2011 gulu la Peter Behrens ku Hannover linali litaonetsa kuti kuthira asidi wa dzanja limodzi m'mphika, monga wa benzoic kapena wa acetic, amene ndi asidi wa mu viniga, kumakongoletsa makrustalo. Chifukwa chake n'chokoma kuchimvetsa. Zirconium amafulumira kugwira ndipo sataya, ndiye akasiyidwa yekha amagwira kandodo kalikonse mmene kabwerera, chopendama kapena chowongoka, zotsatira zake n'kukhala phala losalongosoka. Asidi wa dzanja limodzi amakhala pamalopo moyembekezera. Kandodo kenikeni kamayenera kulimbana naye kuti kalowe. Kakalowa molakwika kamakankhidwa, n'kudzayesanso. Kumanga kumachedwa, ndipo kuchedwako kumapatsa chimango mpata wodzikonza chokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako amachita kukuyeza ndi kasupuni n'kukuthira m'botolo.

Dirk De Vos, Frederik Vermoortele ndi anzawo ku Leuven, ku Belgium, anatenga nzeru imeneyi n'kuipititsa kumene mwini wake sanailingalire. Mu 2013 anasankha asidi wa dzanja limodzi wamphamvu kwambiri, wa trifluoroacetic, woti malo ena sawasiya mpaka chimango chitha kumangidwa. Kenaka anatenthetsa ufawo kupitirira madigiri 300. Asidi uja anachoka, tindodo tenitenito tinatsala, ndipo pamene iye anakhala panatsala mipata. Amisiri omanga nyumba amachita zomwezi akafuna zenera: amaika thabwa pakhoma, amamanga njerwa molizungulira, matope akauma n'kulichotsa. Ufa wa mazenerawo anauyesa pa citronellal, mafuta onunkhira ngati mandimu ochokera ku udzu wa citronella, amene molekyu yake imayenera kupindidwa n'kudzigwira mchira kuti isanduke isopulegol, kholo la menthol uja amazizira m'maswiti a chifuwa ndi m'mankhwala opaka. Liwiro la ntchito linakwera kwambiri. Pofika 2019 gulu la Yu Han ku KAUST, ku Saudi Arabia, linajambula mipatayo ndi makina a ma electron, pogwiritsa ntchito kuwala kochepa zedi chifukwa kochuluka kumawotcha chimango chithunzi chisanatuluke. Pa zithunzizo malo osowa kandodo amaoneka ngati dzino loguluka pakati pa anzake.

Pali mwambo wina wa ntchitoyi umene sutchulidwa m'nyuzipepala koma ndimaulemekeza kwambiri, mwambo wodzikayikira. Munthu akaona kuti ufa wake wafulumizitsa ntchito, sathamangira kulengeza. Amayambanso, ndipo ntchito ili pakati amasefa ufa wonse madzi akadali otentha, n'kusiya madziwo apitirize okha. Ntchito ikaima, ndiye kuti nkhoswe analidi chimango. Ikapitirira, ndiye kuti tizidutswa tachitsulo tinasungunukira m'madzi, ndipo chimango chinali chongoonerera. Amayesanso ndi molekyu yonenepa yoti singalowe pakhomo la chipinda: ikasinthika mofanana ndi yaing'ono, ndiye kuti zonse zikuchitikira kunja, ndipo tizipinda tonse tija n'tachabe. Pomaliza amatenga ufa wogwira kale ntchito n'kuuunika ndi X-ray kuti aone ngati nyumba idakalipo. Mayeso onsewa ndi misampha imene mmisiri amadzitchera yekha, ndipo wodziwa ntchito akamawerenga pepala la mnzake amayamba wafufuza ngati misamphayi inatcheredwa.

Mwambo umenewu umafunanso kuti tinene pamene MOF siifika. M'fakitale yoyenga mafuta, zeolite amamuwotcha pa madigiri cha m'ma 700 kuti mwaye umene wamumata upse, ndipo amabwerera kuntchito ali bwinobwino. Tindodo ta kaboni tingapse limodzi ndi mwayewo. Malo a MOF ndi ntchito zofatsa, za kutentha kochepa, kumene chofunika ndi kusankha bwino ndi kugwira mwaulemu.

Imodzi mwa ntchito zoterozo ndi yothetsa poizoni, ndipo ndi pamene luso losiya mpata linaonekera poyera, m'manambala atatu okha.

Sarin ndi soman, mipweya ya nkhondo ya mtundu uja unapha anthu m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo mu 1995 ndi ku Ghouta ku Syria mu 2013, ndi a banja lotchedwa organophosphate, banja lomwe lija kumachokera mankhwala ambiri ophera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe. Amapha potseka enzaimu imene imazimitsa uthenga wa mitsempha, minofu n'kukanika kumasuka, munthu n'kulephera kupuma. Ku Tokyo ndi ku Ghouta anali sarin. Soman ndi m'bale wake woopsa chimodzimodzi. M'nthaka muli mabakiteriya ena amene anaphunzira kudya mankhwala a banja limeneli. Enzaimu yawo, phosphotriesterase, ili ndi maatomu awiri achitsulo olumikizidwa ndi okosijeni wonyamula hayidirojeni. Chitsulo chimagwira poizoni pamutu, ndipo kachidutswa ka madzi kamamudula pakati. Koma enzaimu ndi chinthu chanthete, sichikhalitsa m'thumba la msilikali kapena la wozimitsa moto. A ku Northwestern anayang'ana mfundo ya UiO-66 n'kuona kuti pa iyo pali kale maonekedwe omwewo, zirconium awiri ndi mlatho wa okosijeni pakati pawo.

Mu 2014 anayesa, pogwiritsa ntchito mankhwala ofanana ndi poizoniyo koma osaopsa kwambiri, otchedwa DMNP. Zinatheka: theka la mankhwalawo linatha m'mphindi pafupifupi 45. Koma anawerengera n'kupeza kuti makomo a UiO-66, otakata pafupifupi 0.6 ya nanomita, ndi opapatiza moti DMNP sangalowe. Ntchito yonseyo inkachitika ndi mfundo za kunja kwa kanjere, zosakwana imodzi pa 100 zilizonse. Zina zonse zinali zotsekeredwa m'kati.

Ndiye anatenga chimango chawo china, NU-1000. Mfundo yake ndi yomweyo ya maatomu 6 a zirconium, koma tindodo take ndi mamolekyu aakulu a manja anayi, ndipo mfundo iliyonse imagwiridwa m'malo 8 okha. Malo anayi otsalawo ndi otseguka mwa pulani, pa mfundo iliyonse, ndipo ena mwa iwo amaloza m'ngalande zotakata nanomita 3, msewu waukulu kwa molekyu ngati DMNP. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mphindi 15. Atayamba autenthetsa ufawo kuti madzi okhala pa manja aja achoke, nthawi inatsika kufika mphindi imodzi ndi theka. Ku labotale ya asilikali ya ku Edgewood anauyesa pa soman weniweni, ndipo theka linatha m'mphindi zitatu. Chaka chomwecho anatsikanso sitepe ina, ku MOF-808, imene mfundo yake imagwiridwa m'malo 6 okha, theka la manja lili lomasuka. Theka la DMNP linatha theka la mphindi lisanakwane.

Tindodo 12, 8, 6; mphindi 45, 15, ndi masekondi osakwana 30. Chitsulo n'chomwecho, mfundo ndi yomweyo. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa zimene mmisiri analolera kusamanga, ndi kukula kwa khomo lofikira pamenepo. Mu Okutobala 2025 mphoto ya Nobel ya kemisitiri inapita kwa Kitagawa, Robson ndi Yaghi, ndipo inawayenera, pakuti popanda chimango choima palibe mpata woti n'kuusiya. Koma ine mtima wanga uli pa manambala atatu amenewa.

Panali patatsala mfundo imodzi yovuta, ndipo eni ake sanaibise. Mayeso onsewa ankachitikira m'madzi othiridwa mankhwala othetsa asidi. Poizoni akadulidwa amatulutsa asidi, ndipo chidutswa chake chimakonda kukakamira pa zirconium, dzanja n'kutsekeka monga lamulo la Sabatier linachenjezera. Pamafunika chinthu cha khalidwe la chidulo choti chizilanda asidiyo. M'botolo n'zosavuta. Nanga pa chovala? Munthu sangayende atavala ndowa ya madzi.

Yankho linachokera ku mbiri ya MOF-808 yomweyo. Chimango chimenechi chinabadwira m'labotale ya Yaghi ku Berkeley mu 2014, pa kafukufuku wofuna zinthu zokoka madzi mu mpweya. Yaghi anakulira ku Amman, ku Jordan, m'banja la othawa kwawo a ku Palestine, kumene madzi ankafika pampopi kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, ndipo nkhani ya madzi sinamuchoke. Mlongo wake wa MOF-808 wa m'kafukufuku yemweyo, MOF-801, ndi amene anaikidwa m'kabokosi kokolola madzi mu mpweya wouma mu 2017. Choncho MOF-808 inali yaludzu chibadwire, ndipo mosiyana ndi zimango zoyamba zija, ludzu lake silinkaigwetsa.

Mu 2019 Zhijie Chen, Farha ndi anzawo anasakaniza ufa wa MOF-808 ndi polima yotchedwa polyethyleneimine, yomwe imalanda asidi ndipo siuluka, n'kuzimata pa nsalu yathonje. Sanathirepo madzi. Anangoisiya nsaluyo pa mpweya wachinyezi, tizipinda n'kudzitungira tokha. Anaiyesa itakumana ndi thukuta, ndi carbon dioxide wa mu mpweya, ndi nthunzi ya mafuta a galimoto, zinthu zimene chovala chimakumana nazo tsiku lililonse, ndipo inapitiriza kugwira ntchito. Anadonthezapo soman. Kunja inkangooneka nsalu yoyera yogwirika mouma, pamene m'kati mwa ulusi wake, m'tizipinda tosakwana nanomita ziwiri, madzi otungidwa mu mpweya anali atakhala kale pafupi ndi manja asanu ndi limodzi aja a pa mfundo iliyonse, ndipo poizoni ankati akalowa, n'kugwidwa, n'kudulidwa, dzanja n'kumasukira wotsatira.